Mwala umene unagwa pa Kande

Mwala wa chiliza cha apongozi anga aamuna unagwa pansi pamodzi ndi njinga yamoto pa Kande Lachitatu masana, ndipo mpaka lero Lachisanu palibe amene akudziwa ngati unasweka kapena ayi. Udakali wokulungidwa m'bulangete, pamwamba pake nsalu yoyera yosokedwa ndi ulusi wofiira. Lamulo ndi lakuti usatsegulidwe kufikira mawa pamanda.

Lamulolo ndi la apongozi anga aakazi, Anyalongwe, a ku Usisya. Chaka chatha kumudziko kunali mwambo wina wovundukula chiliza, koma chithunzi cha mwala chinali chitazungulira kale m'mafoni sabata yathunthu tsiku lisanafike. Anthu anaukambirana, anauyerekeza ndi miyala ya ena, ndipo pa tsikulo anangobwerera chakudya. "Dzina la amuna anga liwerengedwa koyamba kumutu kwawo," anatero Anyalongwe. Choncho mkazi wanga anasoka yekha nsaluyo ku Lilongwe, pakhomo pa mmisiri amene anazokota mwalawo, iye n'kutsogola kumudzi kukathandiza zophika. Ine, mkamwini wa ku Dedza, ndinapatsidwa ntchito imodzi yokha: kuufikitsa.

Mwalawo ndi wakuda, wotalika masentimita 75, m'lifupi 50. Pasikelo ya wogula chimanga unalemera makilogalamu 41 ndi bulangete lomwe. Mmisiri anandiuza zinthu ziwiri: uziyenda choimirira, usagone; ndipo pansi pake pazikhala thabwa, usakhudzane ndi chitsulo.

Basi inanyamuka ku Lilongwe Lachitatu 6 koloko isanakwane. Ndinalipira mipando iwiri, wanga ndi wa mwala. Salima, Nkhotakota, Dwangwa, zonse zinadutsa popanda chokamba. Pa Dwangwa basi inathera pomwepo, ndipo ndinadikira mphindi makumi asanu kuti minibasi ya ku Mzuzu idzaze. Apanso mipando iwiri.

Titawoloka Dwambazi, bambo wina wa mabelo a kaunjika amene anakhala kumbuyo kwanga anagogoda nsaluyo ndi chala.

"Akulu, TV imeneyi ndi ya mainchesi angati?"

Ndikanangotchula nambala iliyonse. Koma ndinati, "Si TV. Ndi mwala wa pamanda."

Dalaivala anandiyang'ana pagalasi, anayendetsa pang'ono, kenako anaima pa Tukombo.

"Bwana, galimoto yangayi sinanyamulepo maliro."

"Si maliro. Ndi mwala."

"Dzina la womwalira lilipo?"

"Lilipo."

"Ndiye tsikani."

Mayi wina wa komweko anandiikira kumbuyo, akusakaniza Chitonga ndi Chichewa, kuti miyala yotereyi imayenda tsiku ndi tsiku mumsewu uno ndipo sinaphepo munthu. Wa kaunjika anayankha kuti mabelo ake akanyamula tsoka amugula ndani. Kondakitala anandibwezera ya mpando umodzi. Nthawi inali 1 koloko yodutsa pang'ono, mwezi wa Okutobala, dzuwa lili paliwombo, ine ndili pambali pa msewu nditakumbatira mwala kuti usagone.

Ndinaimbira mlamu wanga Yesaya, mlongo wa mkazi wanga. Ndi bambo wa zaka makumi anayi, amakhala pa Kande, ndipo ntchito yake ndi kugula nsomba kudoko n'kumagulitsa m'maloji. Tinapangana kale kuti tidzakumana ku Mzuzu Lachinayi kuti anditengere ku Usisya pa njinga yake yamoto. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Alamu, munthu amanena zoona m'tchalitchi, osati m'minibasi. Dikirani pomwepo."

Anafika patatha mphindi makumi anayi. Njinga yake ndi yofiira, ya mtundu wa akabaza, ndipo pakaliyala anawotchererapo zitsulo ziwiri zoimirira zotchingira bokosi la nsomba. Atatsika, anatulutsa kathabwa kochindikala ngati zala zitatu kamene kanali pansi pa mphira ya kaliyala, n'kukaponya pansi, n'kuimika sitandi pamwamba pake. Ndinaona, koma sindinaganizepo kanthu.

Tinaimika mwala pakaliyala, chopingasa, utatsamira zitsulo zija, makatoni pakati. Ndinakumbukira mawu a mmisiri aja akuti pansi pakhale thabwa. Yesaya anali atakwera kale kuti agwire njinga, nkhope kutsogolo. Ndinayang'ana pansi, ndinaona kathabwa kabwino kali poyera, ndinakatola n'kukalowetsa pansi pa mwala. Kanakwana bwino lomwe. Ndinamanga ndi mphira zisanu ndi imodzi zodula ku chubu, Yesaya anakoka iliyonse ndi dzanja lakumbuyo kuti amve kulimba kwake, ndipo tinanyamuka. Mwala unali kumsana kwanga ngati chotsamira cha mpando.

Pa Kande tinaima kuti tigule petulo wa m'mabotolo. Ndinatsika kuti ndiwongole miyendo. Yesaya anapisa dzanja pansi pa mphira ya kaliyala, osapeza kanthu, n'kunena kuti, "Aa, kathabwa kanga kagwa." Anatsitsabe sitandi, anaiyesa kawiri, anaona ngati yagwira, n'kutsika. Anayenda mapazi anayi.

Njinga sinagwe mwadzidzidzi. Inayamba kupendekeka pang'onopang'ono kumanzere, sitandi ikulowa mumchenga, mwala ukukokera pamwamba. Ndinalumpha, ndinagwira mphira imodzi, inatanuka n'kundipulumuka. Kenako phokoso.

Pa nkhani ya phokosoli mboni sizikugwirizana. Yesaya akuti linali limodzi, la galasi loonera kumbuyo, limene linaswekadi. Mayi wogulitsa petulo akuti anamva awiri. Bambo wokonza nsapato pakhonde akuti linali limodzi koma "louma, osati la galasi." Chimene ndinaona ndi maso n'chakuti ngodya yakumanzere ya mwala inagunda pamene mchenga umakumana ndi njerwa za khonde, ndipo nsalu yoyera inada pangodya imeneyo.

Amuna anayi anatithandiza kudzutsa njinga. Ndinasisita nsalu ndi dzanja kuchokera pamwamba mpaka pansi. Bulangete ndi lopinda kanayi. Dzanja silinandiuze kanthu.

Ndi pamene Yesaya anaona kathabwa kake pansi pa mwala.

"Alamu, kameneka mwakatenga kuti?"

"Kanali pansi pa Tukombo paja."

"Kanali pansi chifukwa ndi mwendo wa njinga yanga! Chaka chathunthu ndikuyenda nako!"

"Ndiye bwanji osakonzetsa sitandi chaka chonsecho?"

Yesaya anawerama kuona sitandi. Inali itakhotera kunja, bawuti yake itapindika, ikugwedera ngati dzino la mwana. Sitandi yapakati anaichotsa kalekale chifukwa inkagunda miyala panjira ya ku Usisya. Kuyambira ola limenelo, njinga ija sinkathanso kuima popanda munthu.

Ndinati tingopitirira choncho. Yesaya anakana. Msewu wotsika ku Usisya, iye anati, uli ndi malo amene wokwera amatsika, woyendetsa amatsikanso kukachotsa miyala kapena kukaona pamene tayala lidutse. Popanda sitandi, ndi makilogalamu 41 pamwamba, iye sangatsike phiri limenelo. Wowotcherera wodalirika anali pa Chintheche.

Tinafika pa Chintheche 3 koloko itadutsa ndi theka. A Mhone, wowotchererayo, ndi bambo wa imvi, wamfupi, wovala ovolosi yodula manja. Anali atakhala pansi pa mtengo wa mango akusenda chinangwa.

"Timuwoneni, ada," anatero Yesaya, kupereka moni m'Chitonga.

"Yewu. Magetsi kulibe chiyambire m'mawa."

Kutsogolo kwa shedi yawo kunali mzere wa zitsulo: mafelemu awiri a mawindo, chitseko cha uvuni, chogwirira injini ya boti, wilibala yopanda mwendo. Ndi mmene amachitira kumeneko magetsi akazima. Munthu amasiya chitsulo chake pamzere kuti chimuimirire, iye n'kupita kukachita zina. Eni ake onse anali atapita. Chitsulo changa chokha ndi chimene sichinkatha kuima chokha.

Ndinati timasule mwala tiuimike pakhoma. A Mhone anafunsa zimene zachitika, anazungulira njinga, anagwira mphira.

"Ngati uli ndi mng'alu, zimene zaugwira ndi mphirazi ndi zitsulo izi. Mukamasula n'kuunyamula, ukhoza kukutsalirani pawiri m'manja. Ine ndikanakhala inu, ndikanaumasula kamodzi kokha, kumene ukupita."

Tinayesa kuika njerwa pansi pa injini. Zinalowa mumchenga, ndipo lole itadutsa njinga inagwedezeka. Kuitsamiritsa pamtengo sikunatheke chifukwa chimene chikanayamba kukhudza mtengowo ndi mwala. Choncho ndinakwera, mapazi onse pansi, manja pa mahandulo. Yesaya anapita kukafunafuna wa jenereta.

Ndinakhala choncho maola awiri ndi mphindi khumi. Munthu sadziwa kulemera kwa njinga yoima mpaka ataigwira ola lathunthu. Ikapendekera pang'ono kumanzere, ntchafu yakumanzere imayaka moto. Ukaibweza, imafuna kupitirira kumanja. Nyerere zinakwera mwendo wanga ndipo ndinalibe dzanja lozichotsera. Ludzu linandigwira, koma madzi amene a Mhone anandipatsa ndinangonyowetsa milomo, podziwa kuti zotsatira zake ndilibe kokazitaya. Aliyense wodutsa ankaima. Ana asukulu anafunsa ngati ndi sola. Mayi wina anandifunsa ngati ndine wa kabaza wopita ku Sanga.

Foni inalira m'thumba. A Mhone anaitulutsa n'kundigwirira kukhutu. Anali mkazi wanga.

"Mwafika pati, bambo a Lusungu?"

"Pa Chintheche. Njinga ya achimwene anu yavuta pang'ono."

"Mwala uli bwino?"

"Uli pompano, kumsana kwangaku."

Sindinaname. Koma a Mhone anandiyang'ana pobweza foni m'thumba, ndipo sindinawayang'ane.

Yesaya anabwera chimanjamanja. Wowotcherera wina amene ali ndi jenereta anapita kumaliro ku Sanga, makiyi ali m'thumba. Loji ina ili nayo, koma ndi yaing'ono, yongoyatsira mafiriji. Dzuwa litapendeka a Mhone anatulutsa zinthu m'shedi, tinakankhiramo njinga, ndipo anaimangirira ndi zingwe ziwiri zamaboti kuchokera ku mtanda wa denga, china kuhandulo iyi, china kuhandulo inayo. Nditatsika miyendo inakana kuyenda. Tinagona kwa msuweni wa Yesaya.

Lachinayi 7 koloko ndinali m'shedi. Magetsi kunalibe. Foni inali itatsala pang'ono kuzima. Shedi ya a Mhone ndi ya malata mbali zonse, yopanda windo, ndipo pofika 9 koloko thukuta linali likutsika m'zigongono. Ndikanatha kukhala panja pamthunzi, koma chingwe chimodzi chinkalira nthawi iliyonse mphepo ikakankha denga, ndipo aliyense wolowa kudzafunsa za chitsulo chake dzanja lake linkathamangira pansalu. Ndinakhala pa chitini cha penti, bondo litagunda tayala.

A Mhone sanadikire magetsi kuti ayambe. Anamasula sitandi n'kuiika pathabwa.

"Mlamu wanuyu akuganiza kuti vuto ndi limodzi. Alipo anayi." Analoza masipuling'i akumbuyo. "Awa si ake a njinga ino. Yesaya, unasintha liti?"

"Chaka chatha. Akale ankagunda ndikanyamula bokosi."

"Awa ndi aatali ndi zala ziwiri. Njinga inakwera, sitandi inatsala yomweyo. Ndiye kuti inafupika. Limenelo ndi loyamba." Anakweza sitandi kuti kuwala kudutse pabowo la bawuti. Bowolo silinali lozungulira, linali ngati dzira. "Lachiwiri ili. Umapakira nsomba njinga ili pasitandi. Anthu ako amakwera njinga ili pasitandi. Iweyo umakhalapo podya chipisi, ndinakuonapo. Sitandi ndi yonyamula njinga, si mpando." Kenako anagwada n'kundionetsa kachitsulo kakang'ono pa felemu, pamene sitandi imakathera ikatsitsidwa. Kanali katadyeka, konyezimira. "Lachitatu. Kameneka kakatha, sitandi imapitirira, imatambasuka ngati mwendo wa munthu woterereka. Lachinayi ndi phazi lake, laling'ono ngati ndalama yachitsulo. Azungu anapangira pasimenti. Kuno ndi mchenga."

"Ndiye talikitsani kwambiri, ada," anatero Yesaya. "Dzanja lathunthu. Ndatopa nazo."

"Ukatero idzagwera kumanja, kumene kulibe mwendo. Imeneyo ndiye imapha." Anatembenukira kwa ine. "Komanso kuno timayenda kumanzere kwa msewu, msewu umatsetsereka kumanzere, sitandi ilinso kumanzere. Pambali pa msewu njinga iliyonse imapendekeka kuposa pabwalo. Ndiye uyenera kupeza pakati: isagwe pamsewu, isagwe pabwalo."

Pakatipo anapapeza motere. Anawongola sitandi ndi hamala, anaibwezera ndi bawuti yatsopano, anamasula zingwe pang'ono, ine ndi Yesaya titagwira. Kenako anayamba kuika timatabwa topyapyala pansi pa phazi la sitandi, kamodzikamodzi. Akaika kamodzi ankakankha thanki ndi zala ziwiri kuchokera kumanzere. Pa kachinayi njinga inafuna kunyamuka kupita kumanja. Anachotsa kamodzi. Anatenga titatu totsalato, anayeza kuchindikala kwake ndi kachingwe, n'kumanga mfundo. "Apa. Osapitirira." Anadula sitandi pakati ndi sowo, anadula kachitsulo kotalikitsira ka muyeso wa mfundo ija kuchotsapo kuchindikala kwa phazi latsopano, ndipo phazilo analidula ku khasu lakutha, lalikulu ngati chikhatho cha mwana. Zonse anaziyala mwa dongosolo lake. Pofika 10 koloko chosowa chinali chimodzi: moto.

Yesaya anadikira a Mhone atuluke. Anatulutsa kampeni kake kotumbulira nsomba.

"Alamu, timasule ulusi pangodya apa. Malo atatu okha. Tisuzumire."

"Achemwali anu adzadziwa. Amayi adzadziwanso."

"Tisokanso."

"Ndi ulusi wofiira uti? Ndipo tikaona kuti wasweka, titani? Tibwerere ku Lilongwe pofika Loweruka?"

Anapinda kampeni. Kenako anati, "Ndiye tisanene. Ukapezeka wosweka, mwala wayenda m'basi, wayenda m'minibasi. Ndani angadziwe? Ine ndi mwana wa womwalirayo, alamu. Anthu adzati Yesaya anaswa dzina la bambo ake chifukwa cha kathabwa. Inu adzati mkamwini wa ku Dedza tinam'patsa ntchito imodzi."

Zonsezo ndinali nditaziganiza kale pa njinga paja. Ndinamuuza kuti tiona tikafika.

A Mhone atabwerera ndinawafunsa ngati pali njira yodziwira osatsegula. Anatenga sipanala, anagogoda pansalu katatu, khutu lili pafupi. "Mwala wathunthu umalira, wosweka umangoti phu. Koma m'bulangete yonse imangoti phu."

Babu la m'shedi linayaka 11 koloko itadutsa ndi mphindi khumi. Pasanathe mphindi zisanu eni zitsulo onse anali atafika, ngati anabisala kuseri kwa mtengo. Woyamba pamzere anali wa mawindo. Wachiwiri anali mayi wophika pa loji, wa ku Zomba, amene anati alendo ake adya buledi wogula masiku awiri. Wachitatu msodzi, a Kamanga, amene boti lawo linali pamtunda. Ife tinali achisanu. Lachiwiri, a Mhone anati, magetsi anakhala mphindi makumi anayi zokha.

Sindinapemphe. Ndinalibe nkhope yopemphera. A Kamanga ndi amene anasuzumira m'shedi n'kufunsa Yesaya m'Chitonga kuti m'nsalumo muli chiyani. Yesaya anandiyang'ana kaye, kenako ananena zoona. Ndinakonzeka kumva za m'minibasi zija.

A Kamanga anavula chipewa. "Chiliza cha a Chirwa a ku Usisya? Mwambo uli liti?"

"Loweruka."

Anatembenukira kwa anzawo. "Wa chiliza ayambe."

Wa mawindo anang'ung'udza kuti iye anabwera Lachiwiri. Mayi wa uvuni anamuyankha: "Mawindo anuwo akuwadikira ndani, achimwene? Nyumba yake ilibe ndi denga lomwe." Anthu anaseka, ndipo a Mhone anali atayatsa kale makina.

Sitandi anaiwotcherera pathebulo: kachitsulo pakati, khasu kuphazi, washala mbali zonse ziwiri za bowo lija kuti likhalenso lozungulira. Zinatenga mphindi khumi ndi zisanu. Chovuta chinali kachitsulo ka pa felemu, chifukwa kameneko kali pa njinga penipeni, pansi pa injini. M'shedi anakana, ati fungo la petulo ladzaza. Tinaitulutsa panja. Anamasula waya wa batire, anatseka petulo, anaphimba injini ndi thanki ndi masaka onyowa, ndipo lina analiyanika pa mphira zomanga mwala.

"Wina akwere agwire. Isagwedezeke."

Yesaya anagwira ndowa ya mchenga. Ine ndinakwera.

"Tsekani maso. Mukamva kutentha kumwendo musalumphe. Mukalumpha, mwala wapita."

Ndinatseka maso. Kuwala kunkadutsabe m'zikope. Ndinamva kuthetheka pansi pa phazi langa lakumanzere, fungo la chitsulo chopsa, ndi petulo akukhuvuka m'thanki pakati pa mawondo anga. Kanthu kotentha kanalowa m'sokosi n'kukhazikika pakakolo. Sindinalumphe. Ndinawerenga mumtima mpaka 94. Chilondacho ndili nacho, chachikulu ngati njere ya chimanga.

Atamanga sitandi, a Mhone anati, "Tsikani."

Ndinatsika, manja adakali pa mahandulo.

"Siyani."

Ndinasiya dzanja limodzi.

"Ada, siyani njinga."

Ndinasiya. Inaima, yopendekeka pang'ono ngati munthu womvetsera. A Mhone anaikankha ndi zala ziwiri uku ndi uku, kenako anatiuza tiikankhire pambali pa msewu, potsetsereka, pamchenga. Inaimanso. Phazi la khasu linadinda mchenga koma silinalowe. Magetsi anazima a Mhone ali pakati pa chitseko cha uvuni. Mayi wa ku Zomba anangotibayibitsa ndi dzanja, ndipo a Kamanga anabwezera chitsulo chawo pamzere.

Tinanyamuka 12 koloko itadutsa. Mlatho wa Luweya, mphambano ya ku Sanga, mitengo ya mphira. Pa rodibuloko ya pa mphambano ya ku Nkhata Bay tinatsika tonse awiri kuti Yesaya aonetse mapepala, njinga ili yokha kumbuyo kwathu, ine khosi litapotokera komweko. Ku Limphasa tinadutsa alimi akukankha njinga zakapalasa zodzaza matumba a mpunga. Pa Mpamba tinadya kondowole ndi usipa, ndipo ndi chakudya choyamba chimene ndinadya ndi manja awiri omasuka chichokereni pa Kande, ngakhale ndinasankha benchi loyang'ana pakhomo. Tinagona ku Mzuzu.

Lero tinayamba kutsika 6 koloko. Za msewu wa ku Usisya ndingonena izi: ndinatsika pa njinga kakhumi ndi kamodzi, ndipo kasanu Yesaya anatsikanso, kuimika njinga pamalo otsetsereka kuti tichotse miyala kapena tione polowera. Kasanu konseko sitandi inagwira. Pa malo achitatu Yesaya anapisa dzanja pansi pa mphira ya kaliyala mwachizolowezi, kenako anaseka yekha.

Tinafika 11 koloko. Pakhomo panali podzaza, amayi akusinja, amuna akumanga chisakasa. Amuna anayi anamasula mphira, ndipo ndinawapempha kuti aunyamule pamodzi ndi kathabwa kapansi kaja, dzanja lina kutsogolo lina kumbuyo, osaupendeketsa. Sunatsale pawiri m'manja mwawo. Zimenezo sizitsimikiza kanthu, chifukwa nsalu ndi yothina. Anauimika m'chipinda chochezera, pampando wa malemu.

Anyalongwe analowa, anatipatsa moni, n'kukhala pamkeka. Anayang'ana ulusi kuchokera pamwamba mpaka pansi. Kenako maso awo anaima pangodya yakuda ija. Yesaya ankayang'ana kudenga.

Ndinagwada. "Amayi, mwala unagwa pa Kande. Ndinatenga thabwa limene linkachirikiza njinga, osafunsa. Ngodya iyi inagunda njerwa. Sindikudziwa ngati uli wathunthu."

"Sitandi inali yanga, ama," anatero Yesaya, mawu ali pansi. "Chaka chathunthu osakonza."

Mkazi wanga anagwira pakamwa. Anyalongwe anatambasula dzanja, anagwira ngodyayo, anatsatira ulusi ndi chala.

"Simunatsegule."

"Ayi."

"Masiku awiri muli nawo, mpeni uli m'thumba mwa uyu, simunatsegule."

"Ayi, amayi."

Anapukuta dothi lapangodya ndi nsonga ya chitenje chawo. Silinachoke.

"Ndinati avundukule ndi abusa," anatero. "Ndasintha. Abusa apemphera. Ulusi adula bambo a Lusungu, nsalu achotsa okha. Amene wauvutikira ndi amene ayambe kuuona. Ukakhala wosweka, tiuika choncho, ndipo amene afune kulankhula adzalankhule ndi ine."

Mwambo uyamba mawa 9 koloko m'mawa. Amisiri akonza kale mpata wake pa chiliza, simenti ndi mchenga zili pamanda. Yesaya wabwereka galasi la njinga kwa mnzake ndipo kathabwa kake akuti sakukafunanso. Lumo lodulira ulusi andipatsa kale, lili m'thumba la jekete limene ndivale.